Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro m'boma la Mangochi: ana athu akugonja asanalowe m'chipinda cha mayeso

Kwa Bwana Mkulu woyang'anira maphunziro m'boma la Mangochi, akuluakulu a chigawo cha maphunziro cha kum'mwera chakum'mawa ku Zomba, alangizi a maphunziro m'mazoni onse, aphunzitsi aakulu a sukulu za pulayimale ndi sekondale, ndi makhansala a khonsolo yathu.

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikudziwa kuti ntchito imene mwasenza ndi yolemera, ndipo sindinabwere kudzanyoza munthu. Ndine mayi amene ndinagwira choko kwa zaka zoposa 30 m'sukulu za pulayimale za boma lino, kuyambira kumapiri a ku Namwera mpaka kugombe la ku Makanjira. Pano ndinapuma, ndikulera adzukulu kuno kwa Mponda. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya pakhomo panga pokha, ndipo ndikufuna kuti makolo anzanga aimve pamodzi ndi inu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chimene chandidzutsa ndi ichi. Tsiku lina Lachinayi mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 3, amene amaphunzira pa sekondale ina yoyendera, anabwera kunyumba n'kukhala pakhonde osavula yunifomu. Anatulutsa kope lake la Fizikisi, n'kuyamba kuthothola masamba osalembedwa, limodzilimodzi, akuwasanja bwinobwino pamwendo. Nditamufunsa anati akufuna kuwasokerera ku kope la phunziro lina chifukwa Fizikisi wasiya. Sanalire. Anayankhula ngati munthu amene akunena kuti mvula yakata. Masamba olembedwawo anali 11, ndinawawerenga ndekha. Pa tsamba lomaliza panali chithunzi cha batire, waya ndi babu, chojambulidwa mosamala ndi rula, ndipo pambali pake panali chizindikiro chofiira cha aphunzitsi chosonyeza kuti anakhoza.

Anandifotokozera kuti m'mawa umenewo kalasi yonse inauzidwa kuti Fizikisi ndi Kemisitiri si phala, kuti amene anayesa chaka chatha anagwa chagada, ndipo kuti aliyense amene akudziwa kuti mutu wake ndi wofewa asadzivutitse. Aphunzitsi anawachenjeza atsikana mwapadera kuti asatsatire anyamata m'madzi akuya. Kenaka anafunsa kuti otsala aimike manja. Manja amene anakwera anali oti n'kuwerenga ndi zala, ndipo la mtsikana panalibe ngakhale limodzi.

Ndinapita kusukuluko Lolemba lake. Akuluakulu a sukuluyo anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Anandiuza kuti akuchitira ana chifundo, kuti makolo asataye ndalama za mayeso pa phunziro loti mwana akalephera, komanso kuti zotsatira za MSCE zikatuluka zoipa, amene amaitanidwa kukayankha ndi iwo. Ndinawamvetsa, chifukwa mpando woyankha mafunso otere ndinaukhalapo. Koma ndinatuluka muofesimo ndikudziwa kuti mwanayu sanalephere Fizikisi. Anangouzidwa kuti adzalephera, iye n'kukhulupirira akuluakulu monga tinamuphunzitsira.

Dandaulo langa loyamba ndi pakamwa pathu ife aphunzitsi. Ndikuti ife chifukwa inenso ndinachitapo. Ndikuphunzitsa Sitandade 6, ndinkakonda kuyamba mutu wa mafulakishoni ndi mawu akuti, "Apa ndiye pogwera anthu, tcherani khutu." Ndinkaganiza kuti ndikuwadzutsa. Koma ndimakumbukira bwino mmene mapewa a ana ankagwera, makamaka a kumbuyo okhala pansi, ndi mmene ena ankatsekera makope ndisanalembe kanthu pa bolodi. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti mwana amene wamva kuti kutsogoloku kuli dzenje sayenda mwamphamvu, amayenda chokwawa, ndipo ena amangokhala pansi. Mawu otere ali ponseponse. Pa asembule timamva kuti MANEB si masewera. M'kalasi timamva kuti masamu ndi a anthu obadwa nawo. Mayeso oyeserera akayandikira, mphunzitsi amalonjeza ana kuti aona polekera. Ena amanyadira kuti phunziro lawo sakhoza munthu wamba, ngati kuti kugwa kwa ana ndi mendulo ya mphunzitsi.

Chimene chimachitika m'mutu mwa mwana si chinsinsi. Pamene munthu akuwerengera samu, amasunga manambala angapo m'maganizo nthawi imodzi, uku akukumbukira njira yake. Malo osungirawo ndi ochepa, ngati bwato la munthu mmodzi. Mukalongezamo mantha, nsomba zilowa pati? Mwana amene akuganiza kuti "ndilephera, andiseka, anati n'zovuta" wadzaza kale theka la bwatolo. Ndiye akakumana ndi funso limene silikutseguka msanga, sanena kuti ndiyesenso njira ina. Amati, "Ndi zija ananena zija," n'kuika cholembera pansi. Akalephera, ife timagwedeza mutu n'kunena kuti tinanena kale. Chaka chotsatira timakauza ana ena za kugwa kwa akulu awo, n'kumaona ngati tikunena zoona zokhazokha, osadziwa kuti zoonazo tikuziumba tokha.

Izi anthu anazifufuza. M'chaka cha 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ina ya pulayimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti mayeso apadera aonetsa ana ena amene nzeru zawo zitumphuke chaka chimenecho. Zoona zake zinali zoti mayina a anawo anangowatola mwachisawawa. Pakutha pa chaka, ana otchulidwawo anapita patsogolo kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi awiri oyambirira. Palibe chinasintha mwa ana, chinasintha ndi diso la mphunzitsi. Amene anafufuza pambuyo pake anapeza kuti mphamvu imeneyi si yaikulu monga anthu anaganizira poyamba, koma kuti imaluma kwambiri ana amene anthu amawaderera kale. Mabwana, ana a boma liti amene amadereredwa kuposa athu?

Limenelo ndilo dandaulo langa lachiwiri. Ndakhala pa misonkhano yambiri ya maphunziro, pansi pa mitengo ya mango ndi m'maholo a paboma, ndipo kawirikawiri mlendo wolemekezeka amayamba ndi mawu akuti, "Tikudziwa kuti kuno ku Mangochi anthu sakonda sukulu." Amatchula nyanja, amatchula Joni, amatchula maukwati a ana. Anawo amakhala ali pompo, atavala yunifomu, akudikira kuvina ndi kulakatula ndakatulo, akumva. Mphunzitsi watsopano wochokera ku koleji akamatumizidwa kuno, anzake amamupepesa ngati wapatsidwa chilango. Amafika atanyamula kale chiweruzo m'chikwama, ndipo mwana woyamba kujomba amangotsimikizira zimene anauzidwa.

Sindikukana mavutowo. Ndaona anyamata a Sitandade 7 akusowa m'kalasi nyengo ya usipa, ndaona ena akukwera basi ya ku Johannesburg asanamere ndevu, ndaperekezapo atsikana amene ndinkawadalira ku maukwati amene sanawafune. Koma mbiri ya nkhaniyi tiziinena yonse. Sukulu zoyamba m'dziko muno zinali za mishoni, ndipo a Livingstonia anayambira m'boma lomwe lino, ku Cape Maclear, m'chaka cha 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Makolo ambiri achisilamu anakana kutumiza ana awo ku sukulu zimenezo poopa kuti akawasintha chipembedzo. Kumeneko sikunali kudana ndi nzeru, kunali kuteteza chikhulupiriro. Kutsalira kumene kunayamba nthawi imeneyo ndi kumene tikulimbana nako mpaka lero, ngakhale pulayimale inakhala yaulere mu 1994. Mwana akamva kuti kwanu kunachedwa chifukwa cha mbiri, amadziwa kuti angathe kuthamanga n'kupeza anzake. Akamva kuti mtundu wanu sukonda sukulu, amaona kuti ndi magazi, ndipo magazi sasinthika.

Tiyeni tiwayang'ane bwino ana amene tikuti mitu yawo ndi yofewawa. Pitani kugombe m'mamawa mabwato akamakocheza. Mudzapeza mtsikana wa zaka 13 ataima pambali pa mayi ake, akuwerengera pamtima mtengo wa zidebe za usipa, kuchotsapo ya woyanika pa thandala, ya matumba, ya galimoto yopita ku Limbe, n'kuuza mayi akewo kuti pamtengo uwu tiluza, tiyeni tidikire bwato linalo. Alibe pepala, alibe makina owerengera, ndipo wogulitsa akafuna kumubera amamugwira pompo. Mtsikana yemweyo masana ake amauma manja pa samu ya phindu ndi kuluza yolembedwa pa bolodi. Pitani pansi pa mtengo pamene anyamata akusewera bawo, muone mwana akuwerengera njira zitatu kutsogolo asanagwire nkhomo. Pitani ku madrasa madzulo, mumve ana a zaka 8 akulakatula pamtima ndime zitalizitali za Qur'an m'Chiarabu, chilankhulo chimene sayankhula pakhomo, ndi zilembo zoyambira kumanja kupita kumanzere. Kodi zimenezo n'zophweka? Ayi ndithu. Koma palibe shehe amene amayamba ndi kuuza mwana kuti izi sungazithe. Aliyense amayembekezera kuti mwanayo adzafika, amamupatsa kagawo kakang'ono lero, mawa kena, ndipo amafikadi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali chinanso chimene timachitcha kuvuta kwa masamu pamene si masamu. Mwana wa ku Katuli kapena kwa Jalasi amayamwa Chiyao, amayamba sukulu m'Chichewa, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amatembenukira m'Chingerezi. Nthawi zambiri ndinkati ndikamasulira funso lomwelo m'Chiyao, manja amene anali pansi ankakwera. Samuyo ankaidziwa, chimene chinawatsekera ndi mawu awiri a Chingerezi. Koma mwana sadziwa kusiyanitsa. Amangoti masamu andikana, ndipo ife timavomereza.

Dandaulo lachitatu ndi la atsikana. Chenjezo limene mdzukulu wanga analandira si lachilendo, ndipo nthawi zina limachoka pakamwa pa ife amayi. Ndamvapo aphunzitsi aakazi anzanga akuuza kalasi kuti, "Ine masamu sindinkawatha, ndi ya abambo imeneyo." Amanena mwachikondi, pofuna kutonthoza. Mu 2010 Sian Beilock ndi anzake a pa yunivesite ya Chicago anafalitsa kafukufuku wa aphunzitsi aakazi 17 a makalasi awiri oyambirira. Poyamba chaka, mantha a mphunzitsi pa masamu sankagwirizana ndi kakhozedwe ka ana. Pakutha pa chaka, m'makalasi a aphunzitsi amantha kwambiri atsikana ambiri anali atayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo atsikana okhulupirira zimenezowo anakhoza mochepa. Anyamata sizinawakhudze. Mantha amapatsirana ngati chimfine, ndipo mtsikana amatengera kwa munthu amene akufuna kudzafanana naye. Sindikuimba mlandu aphunzitsi amenewa, chifukwa nawonso anauzidwa zomwezo ali ana. Ndikufunsa kuti ndani akuwathandiza kuti unyolowu uduke.

Dandaulo lachinayi likukhudza inu mwachindunji, mabwana. Sukulu mumaziyeza ndi chiwerengero cha ana okhoza mwa ana olemba. Mphunzitsi wamkulu aliyense wanzeru amaona msanga kuti njira yachidule yokwezera chiwerengerocho ndi kuchepetsa olemba maphunziro amene akuoneka oopsa. Mwana wokayikitsa akachoka, sukulu imaoneka bwino pa pepala, ndipo palibe amene amafunsa kuti ana amene anayamba Fizikisi mu Fomu 1 anathera kuti. Zomwezi zimachitika ku pulayimale, kumene ana ena amabwezedwa mu Sitandade 7 kuti asakaipitse zotsatira za Sitandade 8. Mwana wobwezedwa motero amamva uthenga umodzi wokha, ndipo ambiri sabweranso. Si kuti aphunzitsi aakuluwa ndi oipa mtima. Akuvina ng'oma imene mukuimba inu.

Mtengo wake amalipira mwana. Kuti alowe yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a udokotala, unamwino ndi uinjiniya amafuna masamu ndi sayansi. Mtsikana amene wasiya Fizikisi ndi Kemisitiri ali ndi zaka 16 watsekeredwa zitseko zimenezo ndi dzanja limene sanaimike m'mawa umodzi. Chowawa n'chakuti zitseko zina zili pakhomo pathu pomwe. Ophunzira udokotala a pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amabwera kuno ku Mangochi kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Koleji ya zausodzi ili ku Mpwepwe. Ku Monkey Bay ndi kumene kuli doko lokonzera sitima, kwawo kwa Ilala imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ana athu amadutsa pamalo amenewa tsiku ndi tsiku atasenza nkhuni ndi mabeseni a nsomba, akudziwa mumtima kuti m'katimo ndi mwa ana a kwina.

Tsopano ndinene mosamala, chifukwa ena angamve ngati ndikupempha kuti tiziuza ana kuti zonse n'zophweka. Ayi. Bodza limenelo limapha mofanana. Mwana amene wauzidwa kuti samu iyi ndi yosavuta, iye n'kuipeza yolimba, amangotsala ndi yankho limodzi, loti wopusa ndine. Ndipo wanzeru amene wazolowera kumva kuti kwa iwe zonse ndi madzi akumwa sawerenga, ndiye tsiku lokumana ndi phiri amagwa moipa kuposa anzake. Fizikisi ndi yovutadi. Kemisitiri yophunzira popanda labotale, mwana osagwirapo botolo la asidi kufikira tsiku la mayeso, ndi yovuta kawiri.

Nkhani ili pa tanthauzo limene timapereka ku kuvutako. Ku France, mu 2012, Frédérique Autin ndi Jean-Claude Croizet anapatsa ana a zaka pafupifupi 11 mafunso olimba moti palibe anawatha. Kenaka gulu lina analiuza kuti kuphunzira kumavuta, kulephera poyamba n'kwachibadwa, ndipo kuyeserera kumathandiza monga zimakhalira pophunzira kupalasa njinga. Gulu linalo sanaliuze zimenezo. Atawapatsa onse ntchito ina yofuna kusunga zinthu zambiri m'maganizo, amene anauzidwa kuti kuvutika si chizindikiro cha umbuli anachita bwino kuposa anzawo. Kucheza kwa mphindi zochepa chabe. Sanawanamize kuti n'zophweka, anangowachotsera manyazi a kuvutika.

Asodzi athu amazidziwa bwino izi. Palibe bambo amene amauza mwana wake kuti nyanja ndi yofatsa, chifukwa mwera ukadzauka mu Juni mwanayo adzamira. Komanso palibe amene amamuuza kuti iwe nyanja sungaithe, khala kumtunda. Amamukweza m'bwato pamadzi ofika m'chiuno, amamupatsa nkhafi, bwato limazungulira pamodzimodzi, anthu amaseka, mwana amagwera m'madzi, bambo amati kwera, tonse tinayamba choncho. Mwezi ukatha amapita naye patali pang'ono. Amamuphunzitsa kuwerenga mitambo ndi kumva mphepo. Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a anthu, analemba mu 1977 kuti chikhulupiriro choti ndingathe chimamera makamaka pa zinthu zimene munthu wazichitadi n'kupambana, kenaka pa kuona wofanana naye akupambana, ndipo mawu olimbikitsa amabwera pambuyo pa zimenezo. Ndi nzeru yomweyo ya kugombe. N'chifukwa chake sindikupempha nyimbo ndi zikwangwani zolembedwa kuti "ungathe". Ndikupempha madzi ofika m'chiuno ndi nkhafi.

Nkhani imodzi ndinkaikonda kuuza ana anga a Sitandade 8 m'zaka zanga zomaliza. Mu 1939, George Dantzig, wophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, anafika mochedwa m'kalasi ya Jerzy Neyman. Anapeza masamu awiri pa bolodi, n'kuwakopera poganiza kuti ndi ntchito yokachitira kunyumba. Patapita masiku anakapereka mayankho, akupepesa kuti wachedwa chifukwa anali olimbirapo kuposa a nthawi zonse. Patatha milungu 6 mphunzitsiyo anakamugogodera pakhomo m'mawa wa Lamulungu. Masamuwo sanali ntchito ya kunyumba, anali mafunso awiri amene akatswiri anali asanawapezere yankho. Dantzig anali waluso ndipo anaphunzitsidwa bwino, bambo akenso anali katswiri wa masamu, choncho sindikunena kuti kusadziwa kokha kumapereka nzeru. Koma akanafika nthawi yabwino n'kumva mawu oyamba a mphunzitsi, kodi akanayesa n'komwe? Kwathu konkuno, William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola, akutsatira zithunzi za m'buku la Chingerezi limene sankalimva lonse. Akanakhala m'kalasi ya mdzukulu wanga Lachinayi lija, sindikudziwa ngati dzanja lake likanakwera.

Pa zifukwa zimenezi, mabwana ndi madona, ndikupempha izi:

1. Lembani kalata ku sekondale zonse za m'boma lino yoletsa kuchotsa kapena kuopseza mwana kuti asiye phunziro la sayansi kumene phunzirolo likuphunzitsidwa. Mwana akafuna kusiya, pakhale kukambirana kwa iye, kholo lake ndi mphunzitsi, pambali, osati kuimika manja pamaso pa kalasi. Ana amene asiya chaka chino motere apatsidwe mwayi wobwerera kalembera wa mayeso a MANEB asanatsekedwe, ndipo athandizidwe kupeza zimene anaphonya.

2. Sinthani kayezedwe ka sukulu. Pambali pa chiwerengero cha okhoza, muzifunsa kuti ana angati anayamba phunzirolo, angati analemba, ndipo atsikana ndi angati. Mphunzitsi wamkulu amene walembetsa ana ambiri n'kukhozetsa ena mwa iwo asamadzudzulidwe kuposa amene walembetsa ochepa osankhika. Ku pulayimale, muziona chiwerengero cha Sitandade 7 pamodzi ndi cha Sitandade 8.

3. Alangizi a m'mazoni aike nkhani ya kayankhulidwe ka mphunzitsi pa maphunziro a aphunzitsi amene amachitika kale m'malo awo osonkhanira. Izi sizifuna ndalama zatsopano. Aphunzitsi ayeserere mmene angayambire mutu wovuta mosaopseza ndi mosanama, mmene angayankhire mwana wolakwitsa, ndi mmene angagawire samu yaikulu m'tizigawo toti mwana wofooka alawe kukhoza sabata iliyonse. Aphunzitsi amene masamu amawaopsa iwo eni athandizidwe mwaulemu, popanda kuwachititsa manyazi, ndipo aloledwe kumasulira funso m'Chiyao kapena m'Chichewa pamene Chingerezi chatsekereza mwana.

4. Sukulu zoyendera zimene zilibe labotale zilumikizidwe ndi sukulu zapafupi zimene zili nayo, kuti mwana aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 agwire zipangizo ndi manja ake kangapo pa teremu. Khonsolo ndi aphungu athu aike zipangizo za sayansi pa ndondomeko ya ndalama za chitukuko. Kuuza mwana kuti angathe kenaka n'kumulowetsa m'mayeso a zoyeserera asanaonepo chipangizo n'kumunyenga.

5. Itanani ana a boma lino amene anadutsa njira imeneyi, anamwino, madokotala, amakaniko a sitima, aphunzitsi a sayansi, makamaka aakazi, kuti azikacheza m'sukulu za kumidzi kwawo m'chilankhulo cha kwawo. Asakangonena za kupambana. Akanene pamene anagwa, mayeso amene anapeza 20 pa 100, ndi chimene anachita m'mawa mwake.

6. Inu eni, pamodzi ndi alendo amene mumawaitana, lekani kutsegula misonkhano ndi mawu akuti anthu a ku Mangochi sakonda sukulu. Tchulani vuto ndi dzina lake, kaya ndi mtunda wopita kusukulu, kaya ndi kuchepa kwa aphunzitsi, kaya ndi ukwati wa ana, ndipo munene chimene mukuchitapo. Mafumu athu, mashehe, abusa ndi ansembe ndikuwapempha chimodzimodzi.

Kwa makolo anzanga amene mukuwerenga kalatayi pa foni kapena wina akukuwerengerani, gawo lathu liliponso. Mwana akabwera ndi kope lofiira, tisamanene kuti kwathu kuno kulibe wa masamu, watengera ine. Timufunse kuti wakakamira pati, ndipo ngati sitingathe kumuthandiza, timuperekeze kwa amene angathe. Amayi a m'magulu oyang'anira atsikana m'sukulu, funsani mayina a atsikana amene asiya sayansi teremu ino ndipo muwayendere monga mumayendera amene asiya sukulu.

Mdzukulu wanga ndinakhala naye pamkeka usiku womwewo. Fizikisi sindiidziwa, koma ndinatenga tochi yanga, tinaimasula, ndipo ndinamuuza kuti andiphunzitse chithunzi chija cha batire ndi waya. Anandifotokozera bwinobwino chifukwa chake babu siyaka batire limodzi likatembenuzidwa, anatembenuza, sinayake, anabwezera, inayaka. Masamba aja tinawasokereranso ndi ulusi wakuda. Wabwerera m'kalasimo, mtsikana yekha pakati pa anyamata, ndipo mayeso oyamba sanakhoze bwino. Akupitabe. Koma anzake amene anatuluka naye tsiku lija sanabwerere, chifukwa alibe agogo amene anagwirapo choko oti akawayankhulire ku ofesi, ndipo ndi chifukwa cha iwo ndalemba.

Kalatayi ndidzaibweretsanso ndekha ku ofesi yanu paboma, yosindikiza pa pepala, pamodzi ndi makolo ena amene avomera kundiperekeza. Tidzapempha kuti mutiuze tsiku limene pempho loyambalo lidzayankhidwe, popeza kalembera wa mayeso sadikira.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma ndi agogo olera ana,
Dera la Mfumu Yaikulu Mponda, Mangochi